Chikole Chobwezedwa pa Migowi

Lachinayi pa 5 Juni 2025, cha m'ma teni koloko m'mawa, a Thomson Sitima anabweza chikole cha Chance Goliati pakati pa msika wa Migowi. Anabwera nacho m'jumbo yakuda, n'kuchiika pamwamba pa zitenje zimene Chance anayala pa lona. Moni sanapereke.

Chance anali mnyamata wa zaka 27, wogulitsa zitenje m'misika ya kabwandire. Sabata yake yonse inkathera pa lore: Lolemba ku Chitekesa, Lachiwiri ku Mpasa, Lachinayi ku Migowi, Lachisanu ku Chiringa, Loweruka ku Nkhulambe. A Thomson anali atsibweni ake a Belita, mtsikana wa kufupi ndi Fort Lister yemwe Chance anam'funsira mu Epulo. Pa nkhani ya ukwati wa Belita, mawu omaliza anali awo.

"Takulandirani, bambo," anatero Chance akuvula chipewa. "Ndikupezereni pokhala."

"Sindinabwerere kukhala. Masulani jumboyo."

Chance anamasula. Munali chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chochapidwa ndi kupindidwa bwino. Anachizindikira asanachifunyulule. Ndi chomwe anapatsa Belita Lamulungu pa 27 Epulo, mayi ake a mtsikanayo akuona.

"Kodi ndalakwanji, bambo?"

"Pom'patsa mwana wathu nsaluyi munati chiyani?"

"Ndinati ndi ya ku Milanje, kutsidya kwa malire."

"Munatinso?"

Amayi awiri amene ankasankha zitenje analeka kusankha, koma sanachoke. Wa mashuzi pambalipo anachepetsa wailesi.

"Ndinati m'Phalombe muno palibe wina adzavale yofanana nayo."

"Eya. Ndiye Lamulungu lapitali Belita anaivala popita ku chinkhoswe ku Chiringa. Nthawi ya perekaniperekani m'bwalo munalowa mayi wina atavala yomweyi, duwa ndi duwa. Anavina mpaka kudzaima pambali pa mwana wathu, n'kunena mokweza kuti, 'Amuna athu amadziwa kusankha.' Amayi a kumeneko anayambitsa nyimbo ya mitala. Belita anachoka mwambo usanathe, ndipo mpaka lero sanapite pa mjigo."

"Bambo, ndingathe kufotokoza."

"Kufotokoza ndiye ntchito yanu anthu a pa lona. Kwa inu chilichonse n'chakuti chatsala chimodzi chokha. Ine ndinanena kale: mkamwini wopanda khasu, wogona m'makonde a eni ake, sitingadziwe kumene amavulira nsapato."

A Thomson anatembenuza njinga imene anabwera nayo n'kuikankha kudutsa mzere wa a kaunjika. Mmodzi wa amayi aja analoza chitenje chija.

"Ndiye chimenechi mukupanga zingati, achimwene?"

* * *

Folo koloko madzulo lore inanyamuka kulowera ku Chiringa. Anthu makumi awiri ndi atatu anakhala pamwamba pa mabelo, atafunda malona chifukwa cha mphepo ya chiperoni yochokera ku phiri. Chance anakhala moyandikana ndi a Cornelius, atsibweni ake, ogulitsa mapoto, amene anam'phunzitsa geni ndipo ndiwo anayenera kukhala nkhoswe yake.

"Nsaluyo inali mayadi angati?" anafunsa a Cornelius.

"Folo."

"Unaidula?"

"Pawiri."

"Mbuzi iwe. Chikole sadula pa katundu wogulitsa. Umakagula kwina, n'kupita nacho chathunthu. Nanga chinacho unapatsa ndani?"

Chance anayang'ana minda ya mpendadzuwa imene ankadutsa.

"Rozaria."

Lore yonse inamva. Mayi wogulitsa mbale anaomba m'manja kamodzi.

"A Rozaria a tiyi? Alamu, mwaponda mavu ndi phazi lopanda nsapato!"

"Kunali kuthokoza chabe," anatero Chance. "Zaka ziwiri akundisungira katundu osalandira kanthu."

"Osalandira kanthu," anabwereza a Cornelius. "Ndipo iwe sunadzifunse chifukwa chake?"

Chance anatulutsa foni n'kulemba ataiphimba ndi lona. *Belita, atsibweni ako anabwera. Ndilole ndikufotokozere.*

Yankho linafika lore itadutsa milatho iwiri. *Mukafotokozere akazi anu.*

Anawerenga kawiri. Kuyambira Janyuwale ankatchulana kuti iwe.

*Si mkazi wanga. Amangondisungira katundu.*

*Ine munandiuza kuti ku Chiringa mumasungitsa kwa agogo ena.*

Anaterodi. Nyumbayo inali ya mayi ake a Rozaria, ndiye silinali bodza lenileni. Koma tsiku limene ananena zimenezo ankadziwa bwino dzina limene ankalilumpha. Analemba mauthenga ena anayi. Onse anawerengedwa. Palibe umene unayankhidwa.

* * *

Lachisanu pa 6 Juni, msika usanadzaze, Chance analowa m'kanyumba ka tiyi ka Rozaria. Rozaria anali ndi zaka makumi atatu. Banja lake linatha mu 2022, ndipo kuyambira pamenepo anthu a pa lore ankamwa tiyi kwa iye Lachisanu lililonse. Tsikulo anamanga chitenje chobiriwira chija m'chiuno.

"Mwafika, bambo a kunyumba? Shuga masupuni atatu monga mwa masiku onse?"

"Sindikufuna tiyi, achemwali. Munapita kukatani ku chinkhoswe kuja?"

"Kukavina. Kapena kuvina kunaletsedwa?"

"Munachititsa manyazi mtsikana amene ndikufuna kukwatira."

Rozaria anaika ketulo pansi n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Manyazi ndinachita ndine, a Chance. Kulowa m'bwalo n'kupeza kamwana katavala chikole changa."

"Chikole chanu? Ine ndinangothokoza!"

"Tiyeni tikumbutsane. Linali Lachisanu pa 25 Epulo. Munandipatsira kuti nsaluyi? Pa lona, ngati kasitomala?"

"Kunyumba kwanu."

"Ndi dzanja limodzi?"

Chance anaipereka ndi manja awiri, atanjuta, chifukwa mayi ake a Rozaria anali pakhonde pomwepo ndipo iye analeredwa mwaulemu.

"Amayi anatani?"

"Analulutira. Ndinkayesa akondwera ndi maluwawo."

"Kenako?"

Kenako anapha tambala. Chance anaikumbukira bwino nkhuku imeneyo. Anali atatha masabata atatu akudya chipisi ndi mabanzi a m'misika, ndipo lamulo loyamba limene a Cornelius anam'phunzitsa linali lakuti munthu wa paulendo sakana chakudya cha pakhomo. Anam'patsa mbale yakeyake, m'nyumba, chitseko chili chotsegula. Anadya yonse.

"Nthutumba inali m'mbale ya ndani?" anafunsa Rozaria.

"Sindinaganize zimenezo."

"Mudzi wonse unaganiza. Mwamuna wosakwatira kubweretsa nsalu pakhomo pa mbeta, kuipereka pamaso pa make, kudya nkhuku ndi nthutumba yomwe. Kwanu amati chiyani zimenezo? Inunso ndinu Mlomwe ngati ine, musadzipusitse."

"Koma sindinakufunsirenipo, Rozaria. Ngakhale liwu limodzi."

Nkhope ya Rozaria inasintha pang'ono, kenako inabwerera mwakale.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuchotsa belo lanu pansi mvula ikalowa m'nyumba. Nthawi ya namondwe ndinalisenza pamutu mpaka ku sukulu, zanga zikunyowa. Malungo atakugwirani mu Febuluwale, anakuphikirani phala ndani? Liwu lina limene mumafuna kunena ndi liti?"

Panalowa anthu awiri ofuna tiyi. Rozaria anawamwetulira n'kunyamula ketulo. Chance anatuluka kukayala lona. Tsiku lonse anagulitsa zitenje zitatu, ndipo sanauze kasitomala aliyense kuti chatsala chimodzi chokha.

* * *

Lamulungu pa 8 Juni Chance anapalasa njinga kukwera mtunda wa ku Fort Lister. Anaima pa mphambano ya njira yochokera ku tchalitchi, pansi pa phiri la Michesi, kuyambira leveni koloko. Belita anatulukira cha m'ma wanu, ali ndi anzake awiri. Atamuona, anzakewo anapitirira pang'ono n'kuima poti angamve.

"Belita."

"Mwaswera bwanji, a Goliati?"

"Usandiyankhule choncho."

"Ndikuyankhuleni bwanji? Mwina ndiyambe ndapempha chilolezo kwa akuluakulu anzanga a ku Chiringa?"

Belita anali atavala chitenje chakale cha bungwe la amayi a ku tchalitchi, cha mayi ake. Maso ake anali ouma. Chance akanakonda akanalira.

"Ndinalakwa kudula nsalu ija. Ndinalakwanso kukuuza za agogo. Koma pakati pa ine ndi mayi uja palibe chilichonse. Ndilumbire pa chiyani?"

"Musalumbire. Ine chimene chikundiwawa si mayiyo ayi. Tsiku lija munandigwira dzanja n'kunena kuti palibe wina adzavale yofanana nayo. Ndinasangalala ngati chitsiru. Lachinayi lina ndinadzaima kumbuyo kwa lona wanu, ndikukudikirani, ndipo ndinakumvani mukuuza mayi wina wonenepa mawu omwewo, mpaka kamvekedwe kake. Ndinaseka, ndinati ndi geni. Sindinadziwe kuti inenso ndinali kasitomala."

"Sunali kasitomala."

"Ndiye mawu anu enieni ndi ati? Amene simugulitsira nsalu?"

Chance anatsegula pakamwa, koma mawu onse amene anabwera anali oti anawanenapo kale pa lona. Anangogwira chiwongolero cha njinga.

"Ndidzasiya lore," anatero pomaliza. "Ndidzamanga kwanu kuno. Atsibweni ako andipatse munda, aone ngati sindidziwa khasu."

Belita anamuyang'ana kwa nthawi yaitali. Mmodzi wa anzake aja anatsokomola.

"Amayi akuchondererani kwa atsibweni," anatero motsitsa mawu. "Avomera kukumvani kamodzi kokha. Loweruka pa 14, teni koloko. Mubwere ndi ankhoswe anu, ndipo mayi uja abwere adzanene yekha ndi pakamwa pake kuti nsaluyo si chikole. Zikakanika, Lachitatu pa 18 akunditumiza ku Limbe kwa azakhali. Akuti ndikakhale kumeneko mpaka ndikuiwaleni."

"Iweyo ukufuna kupita?"

"Ndikanafuna, bwenzi nditaima pano?"

Anayamba kuyenda, kenako anatembenuka.

"Chance. Palinso china chimene ndiyenera kudziwa? Undiuze pano, ndisakamvere pagulu."

Anamutchula kuti iwe. Chance anaganiza za tambala uja, za nthungululu, za mbale ya m'nyumba. Anaganizanso kuti akanena tsopano, liwu limenelo lithawanso, ndipo mwina silidzabwerera.

"Palibe," anatero.

* * *

Lachisanu pa 13 Juni Chance anapempha Rozaria kuti adzanene zimenezo kwa a Sitima. Anakonzekera mkangano, koma Rozaria anangofunsa nthawi ndi njira.

"Teni koloko? Ndibwera."

"Mudzanena zoona?"

"Zokhazokha."

A Cornelius atamva anapukusa mutu. "Mkazi akavomera msanga chotere, yang'ana kumene waika mpeni."

Loweruka Chance ndi a Cornelius sanakwere lore ya ku Nkhulambe. Anafika kwa a Sitima itatsala pang'ono kukwana teni. Mipando inali itaikidwa pansi pa mtengo wa mango: a Thomson pa mpando wa ndalema, alendo pa benchi, Belita ndi mayi ake pa mphasa. A Cornelius anaika jumbo yakuda ija pakati n'kupepesa mwaulemu wonse. Anati mwana wawo ndi wopusa koma si wachiwerewere, ndipo kupusa kumachizika.

"Timve kwa mayi wa ku Chiringa uja," anatero a Thomson, akuyang'ana wotchi.

Pa 10:40 kunamveka njinga zamoto. Zinali ziwiri. Pa yoyamba panatsika Rozaria, atavala chitenje chobiriwira ndi duku lake. Pa yachiwiri panatsika mayi ake okalamba, ndi bambo wina wamtali wa jekete lakuda amene Chance sanamuonepo.

A Cornelius anatsamira kwa Chance. "Amene uja ndani?"

"Sindikuwadziwa."

"Ine ndawadziwa. Munthu savala jekete lotere pobwera kudzakana."

Atalonjerana, bamboyo anadzitchula kuti ndi a Micheal, atsibweni ake a Rozaria, ndiponso nkhoswe yake. Anayankhula mofatsa, manja ali pamaondo.

"Ife sitinabwere ndi nkhondo. Tangomva kuti mkamwini wathu akufunsira kuno, ndiye tati tidzamve ngati kuno mumalola mitala."

Mayi ake a Belita anagwira pakamwa.

"Mkamwini wanu m'njira yanji?" anafunsa a Thomson.

A Micheal anafotokoza zonse mwadongosolo: nsalu, manja awiri, nthungululu, tambala, mbale ya m'nyumba. Mayi ake a Rozaria ankavomereza ndi mutu pa chilichonse. A Cornelius anatembenuka kuyang'ana mphwawo ngati akumuona koyamba.

"Za nkhukuzi sunandiuze," ananong'ona.

"A Goliati," anatero a Thomson. "Funso langa ndi lalifupi. Nkhuku munadya?"

Chance anayang'ana pa mphasa. Belita sankayang'ana atsibweni ake kapena Rozaria. Ankayang'ana iyeyo.

"Ndinadya."

"Nthutumba?"

"Ndinadya. Koma ndinali ndi njala, bambo. Sindinadziwe kuti iwo akutanthauza zimenezo. Ine amene ndikufuna ndi Belita, ndipo ndikunena pamaso pa onse. A Rozaria andikhululukire, anandichitira zabwino zambiri, koma sindinawafunsire."

Rozaria anayang'ana kumbali. Kenako Belita anafunsa, osakweza mawu.

"Lamulungu ndinakufunsani chiyani pa mphambano paja?"

"Belita, ndinaopa."

"Munayankha kuti chiyani?"

"Ndinati palibe."

Belita anagwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu ndipo sakufunanso kunenerera. Sanadzuke pa mphasapo.

A Thomson anafunsa tsiku limene nsalu inafika ku Chiringa.

"Lachisanu pa 25 Epulo," anayankha a Micheal.

"Kuno inafika Lamulungu pa 27." A Thomson anakanda chibwano. "Ndiye kuti oyamba ndinu. Ife tinalandira chotsala."

"Bambo, ndi masiku awiri okha," anatero a Cornelius.

"Ngakhale likanakhala limodzi, achimwene. Mwambo mukuudziwa. Sitingalandire munthu amene chikole chake choyamba chili m'nyumba ina. Chibwezedwe kaye, ndipo wobweza akhale amene anachilandira, mwa kufuna kwake. Chikabwezedwa, tidzakhalanso pansi, ngati mwana wathu adzafune." Anatembenukira kwa Rozaria. "Mayi, mwamva nokha kuti mwamunayu sakukufunani. Mubweza?"

Rozaria anaimirira. Anamasula chitenje chija pang'ono, ndipo Chance anayesa kuti akuchivula. Koma anangochikoka bwino n'kuchimanganso molimba.

"Ndamva," anatero. "Ndinadikira zaka ziwiri, ndiye inunso mundidikireko. Ndikaganize. A Chance adzapeza yankho langa akadzabwera ku msika Lachisanu pa 20."

"Pa 20 ndi kutali," anatero Chance. "Achemwali, chonde. Belita akuchoka pa 18."

"Ndikudziwa," anatero Rozaria, n'kupita kukakwera njinga yamoto.

A Cornelius anapempha a Thomson kuti ulendo wa ku Limbe ausunthe ndi masiku atatu okha. A Thomson anati azakhali anauzidwa kale, ndipo iwo sasintha tsiku chifukwa cha munthu amene wanama kawiri. Mayi ake a Belita anayamba kuchonderera, koma a Thomson anakweza dzanja.

"Mwini wake ali pompano. Belita, ukanena kuti udikira, ndisuntha. Nena."

Belita anadzuka, anapinda mphasa mbali imene anakhalira, n'kulowa m'nyumba osayankha. Onse anadikira mpaka thwelofu koloko. Belita sanatulukenso.

Jumbo yakuda inatsala pansi pa mango, chifukwa a Cornelius anakana kuinyamula ndipo a Thomson anakana kuilowetsa m'nyumba. Lolemba pa 16 Juni, lore ya ku Chitekesa itanyamuka, Chance anatumiza uthenga wofunsa ngati Lachitatu Belita akwera minibasi. Uthengawo unawerengedwa pa 6:52 m'mawa. Pofika Lachiwiri madzulo, akupinda lona ku Mpasa, unali usanayankhidwe.